Marmot ndi lichen: china n'chosavuta kuwerenga, china n'chovuta ngakhale kuchipatsa dzina

M'mwezi wa Malichi 2025, bungwe loona zoteteza chilengedwe padziko lonse la IUCN lidalengeza kuti mitundu ya mafangasi yomwe yaunikidwa n'kulembedwa m'kaundula wake wa Red List yafika 1,300, ndipo 411 mwa iyo ili pangozi yoti ingathe. Mafangasi ndi gulu la bowa, nkhungu yomera pa chakudya chovunda, ndi yisiti. Munthu atha kufunsa: kaundulayu adayamba mu 1964, nanga zatheka bwanji kuti gulu lalikulu chonchi lingofika 1,300 pamene mbalame zodziwika ndi nyama zoyamwitsa pafupifupi zonse zidaunikidwa kalekale?

Yankho limaoneka bwino tikaika pambali zamoyo ziwiri zimene nthawi zina zimapezeka pamwala umodzi kumapiri ozizira a kumpoto kwa dziko lapansi. Choyamba ndi marmot, nyama yaubweya yokumba una. Chachiwiri ndi lichen, zija zimamatirira pamiyala ndi pamakungwa a mitengo ngati utoto wouma. Tiziyerekeza pa zinthu zitatu zimene akatswiri amalemba pa chamoyo chilichonse: chili m'gulu liti, chimakhala kuti, ndipo chili pangozi yotani.

Marmot, gologolo amene adasiya kukwera mitengo

Tangoganizani gologolo amene wasiya mitengo, wanenepa mpaka kulemera makilogalamu 4 kapena 7, miyendo yafupika, n'kuyamba kukumba pansi. Ameneyo ndiye marmot, ndipo uku si kungofanizira ayi: alidi m'banja la agologolo.

Asayansi amasanja zamoyo ngati madengu olowetsana, laling'ono m'kati mwa lalikulu. Marmot amalowa m'madengu onsewo popanda kukangana. Ali mu ufumu wa nyama, Animalia. M'menemo ali m'gulu la zamsana, kenako la zoyamwitsa, Mammalia, kenako la Rodentia, lomwe ndi la nyama za mano akutsogolo osaleka kukula monga makoswe, mbewa ndi nungu. Banja lake ndi Sciuridae, la agologolo lija, ndipo dengu lomaliza ndi Marmota, momwe muli mitundu 15. Mtundu uliwonse uli ndi maina awiri a Chilatini, loyamba la gulu, lachiwiri lakelake. Wa kumapiri a Alps ndi Marmota marmota, ndipo groundhog wa ku North America, amene anthu amasonkhanira pa 2 Febuluwale chaka chilichonse ku Punxsutawney, tauni ya ku America, kuti ati awauze za nyengo, ndi Marmota monax.

Ngakhale apa padali kaphunthwa pang'ono. Carl Linnaeus, katswiri wa ku Sweden amene adakhazikitsa njira ya maina awiriyi, adaika marmot pamodzi ndi mbewa mu 1758 n'kumutcha Mus marmota. Johann Blumenbach ndiye adamupatsa gulu lakelake mu 1779. Koma kumeneko kudali kungosuntha nyama kuchoka dengu ili kupita lina. Palibe adakaikirapo kuti marmot ndi nyama imodzi, ya mutu umodzi ndi mtima umodzi. Chenjezo lokha n'lakuti maonekedwe amanamiza: mbira ya m'miyala imafanana kwambiri ndi marmot ikakhala pathanthwe n'kumaothera dzuwa, komatu mbira si ya gulu la makoswe. Abale ake apafupi ndi njovu.

Lichen: dzina limodzi, eni angapo

Apa ndiye pali nkhani. M'Chichewa tikati ndere timaphatikiza zambiri: zobiriwira zoterera za m'madzi, zofewa zomera pamalo achinyezi, ndi zouma zotuwa kapena zachikasu za pamiyala. Asayansi amazilekanitsa. Za m'madzi zija ndi algae, zamoyo zing'onozing'ono zopanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Zouma za pamiyala ndi pamakungwa ndizo lichen, ndipo n'chifukwa chake m'nkhani ino tikugwiritsa ntchito liwu lobwerekali.

Mukadula lichen n'kuyang'ana pa maikulosikopu, mupeza kuti si chinthu chimodzi. Pamwamba pali chikopa cholimba cha ulusi wa fangasi wolukana. Pansi pake pali mzere wa timipira tobiriwira, tomwe ndi algae, kapena pa mitundu ina mabakiteriya opanga chakudya ndi dzuwa otchedwa cyanobacteria. Pansi pake palinso ulusi wa fangasi, wotayana ngati thonje. Fangasi sangathe kupanga chakudya. Timipira tija ndi tomwe timapanga shuga, fangasi n'kumayamwa gawo lalikulu. Iye amamanga nyumba, amasunga chinyezi, ndiponso amatchinga dzuwa loopsa ndi mankhwala amene amapatsa lichen mitundu yake ija.

Amene adanena izi poyamba ndi Simon Schwendener wa ku Switzerland, mu 1867. Akatswiri a lichen a nthawi imeneyo adamukana kwamtuwagalu, ndipo William Nylander wa ku Finland, yemwe ankazidziwa lichen kuposa pafupifupi aliyense, adamwalira mu 1899 asadavomereze. Schwendener iye ankaona fangasi ngati mbuye wosunga akapolo. Ena pambuyo pake adati ndi mgwirizano wa anthu awiri othandizana, ndipo liwu lakuti symbiosis, kutanthauza kukhalira limodzi kwa zamoyo zosiyana, lidafala m'zaka za m'ma 1870 chifukwa cha mtsutso womwewu. Mpaka lero ena amati ndi ubale, ena amati ndi ulimi, fangasi mlimi ndipo algae mbewu zake. Zonse zili ndi mfundo. Algae ambiri a m'lichen atha kukhala paokha, koma fangasi wake paokha m'chilengedwe sapita patali, ndipo n'zoonanso kuti algae sakadakhala pathanthwe louma la pamwamba pa phiri popanda nyumba ya fangasi.

Tsono chinthu chotere muchiika m'dengu liti? Malamulo a maina adadula mlandu motere: dzina la lichen ndi dzina la fangasi wake. Algae ali ndi dzina lawolawo, monga Trebouxia, amene amapezeka m'lichen zambiri, kapena Nostoc pa cyanobacteria. Choncho mukawerenga kuti pali mitundu ya lichen pafupifupi 20,000, zikutanthauza mitundu ya mafangasi okhala moyo woterewu, ndipo pafupifupi yonse ili m'gulu la Ascomycota. Chinthu chathunthu chimene mukuchiona pamwala chija, kunena zoona, chilibe dzina lakelake m'sayansi. Zili ngati kulemba nyumba yonse m'dzina la mwini nyumba, alendi osatchulidwa, ngakhale kuti ndi iwo akubweretsa chakudya.

Chinanso n'chakuti lichen si banja limodzi lochokera kwa kholo limodzi monga alili amarmot. Mafangasi a mibadwo yosiyanasiyana adatulukira moyo umenewu paokhapaokha, kangapo. Liwu lakuti lichen lili ngati liwu lakuti asodzi: limanena za ntchito ndi kakhalidwe, osati magazi.

Mu 2016 nkhaniyi idavutiranso. Toby Spribille ndi anzake ankafufuza lichen ziwiri za ku Montana, ku America, zooneka ngati tsitsi lolendewera m'mitengo, Bryoria fremontii yoderako ndi Bryoria tortuosa yachikasu yokhala ndi poizoni. Zonse zidapezeka kuti zili ndi fangasi yemweyo ndi algae omwewo. Kusiyana kudali pa mlendo wachitatu, yisiti wina wokhala m'chikopa cha pamwamba, amene adali wochuluka mu yachikasu ija. Zotsatirazi zidatuluka m'magazini ya Science. Ofufuza akadatsutsanabe kuti yisitiyu amagwira ntchito yanji kwenikweni, koma ambiri tsopano amaona lichen ngati kamudzi, momwe mulinso mabakiteriya ankhaninkhani.

Ndiye pali ichi, chimene chimadabwitsa ambiri. Mafangasi ankaikidwa pamodzi ndi zomera mpaka Robert Whittaker atawapatsa ufumu wawo mu 1969. Kafukufuku wa DNA wa m'ma 1990 adaonetsa kuti ali pafupi ndi nyama kusiyana ndi zomera. Potsata mzere wa makolo, fangasi wa m'lichen ndi wachibale wa marmot kuposa mtengo umene wamatirirapo.

Kumene zimakhala, ndi mmene zimapirira

Amarmot onse ali kumpoto: Europe, Asia ndi North America. Mu Africa mulibe. Amafuna malo oyera opanda mitengo yambiri, pomwe angaone mdani akali kutali, dothi lokumbika, ndi udzu ndi maluwa oti adye. Ambiri ali kumapiri, ku Alps, Carpathians, Rocky Mountains ndi Tien Shan, ndipo wa ku Himalaya amafika mamita 5,000 pamwamba pa nyanja. Ena ali m'zigwa zaudzu za Mongolia ndi Kazakhstan. Ku Pyrenees adatha zaka zikwi zambiri zapitazo, ndipo anthu adawabweretsako mu 1948. Pamene ena akudya, wina amaima pamwala n'kuyang'ana. Akaona chiombankhanga amaliza mluzu wakuthwa, onse n'kulowa pansi. Tauni ya Whistler ku Canada idatenga dzina ku mluzu umenewu.

Luso lawo lalikulu ndi tulo ta m'chisanu. Marmot wa ku Alps amadya miyezi yofunda yonse mpaka kunona, kenako cha mu Okutobala banja lonse limalowa mu una, n'kutseka khomo ndi dothi, miyala ndi ndowe. Amatuluka cha mu Epulo. M'katimo mtima umagunda kasanu kokha pa mphindi, mpweya amakoka kamodzi kapena katatu, ndipo thupi limazizira mpaka kuyandikira madigiri 5. Amagona moundana, ana pakati, akuluakulu n'kumawafunditsa ndi matupi awo. Potuluka amakhala atataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwawo.

Lichen ilibe kothawira. Ilibe mizu, ilibe mitsempha yoyendamo madzi, ndipo siyamwa kanthu ku mtengo umene yakhalapo, imangoufuna ngati pokhala. Madzi ndi michere imatenga ku mvula, mame, nkhungu ndi fumbi. Kukauma nayonso imauma, gwaa, ntchito zonse za m'thupi n'kuima. Madontho ochepa akagwa, pakangopita mphindi zingapo yayambanso kupanga chakudya. Marmot amagona kamodzi pa chaka motsata kalendala. Lichen imafa ndi kudzuka mwina tsiku lililonse.

N'chifukwa chake ili paliponse. Ku Antarctica kuli mitundu iwiri yokha ya zomera zochita maluwa, koma ya lichen ilipo mazana angapo. M'chipululu cha Namib muli madera athunthu okutidwa ndi lichen zokhalira nkhungu yochokera kunyanja. Mu 2005 bungwe la European Space Agency lidatumiza mitundu iwiri, Rhizocarpon geographicum ndi Xanthoria elegans, kunja kwa dziko lapansi, n'kuisiya pamtetete kwa masabata awiri kopanda mpweya, dzuwa likuiotcha popanda chotchinga. Itabwerera idapitiriza moyo.

Mtengo wa kupirira kumeneku ndi kuchedwa. Rhizocarpon geographicum, yomwe imaoneka ngati mapu achikasu okhala ndi malire akuda, nthawi zambiri sikula kufika milimita imodzi pa chaka. Chigamba chachikulu ngati chikhatho chingakhale chakale kuposa agogo a agogo anu, ndipo akatswiri amayeza zigamba zotere pofuna kudziwa kuti mwala udavundukuka liti madzi oundana atabwerera m'mbuyo.

Ziwirizi zimakumana pamwala wa mlonda uja. Xanthoria elegans, yofiirira ngati lalanje lakupsa, imakonda malo a nayitirojeni wambiri, choncho imachuluka pamiyala pomwe mbalame zimatera ndi pomwe nyama ngati amarmot zimakodza ndi kuchita chimbudzi. Woyenda m'mapiri akaona thanthwe limodzi lofiira pakati pa ena otuwa, kawirikawiri ndiye kuti pali chamoyo chimakhalapo tsiku ndi tsiku.

Kaundula wa Red List amanena chiyani, nanga sanena chiyani

Kaundulayu ali ngati makwerero. Pansi pali Least Concern, kutanthauza kuti mtunduwo waunikidwa ndipo sukudetsa nkhawa. Pamwamba pake pali Near Threatened, woyandikira ngozi. Kenako pali masitepe atatu a pangozi: Vulnerable, Endangered, ndi Critically Endangered, womwe ndi wa mtundu umene watsala madzi amodzi. Kupitirira apo ndi mtundu wotsala m'manja mwa anthu okha, ndi wotheratu. Pambali pa makwererowa pali zigawo ziwiri zimene anthu amazisokoneza: Data Deficient, pomwe akatswiri adayesa koma umboni udachepa, ndi Not Evaluated, pomwe palibe adayesa n'komwe. Poika mtundu pa sitepe, amayang'ana kuti akuluakulu otha kubereka alipo angati, akuchepa mofulumira bwanji pa zaka 10 kapena mibadwo itatu, ndipo dera lawo ndi lalikulu motani.

Kwa amarmot ntchitoyi idatheka. Ambiri, kuphatikizapo wa ku Alps ndi groundhog, ali pa Least Concern. Wotchedwa Menzbier, wa kumapiri a Tien Shan, ali pa Vulnerable. Wa ku Mongolia, Marmota sibirica, yemwe amatchedwanso tarbagan, ali pa Endangered chifukwa chosakidwa kwambiri pofuna nyama ndi chikopa. Tarbagan ali ndi mbiri inanso yowawa: nthata zake zimanyamula kachilombo ka nthenda yakupha yotchedwa plague, ndipo mliri wa ku Manchuria, ku China, wa 1910 mpaka 1911, womwe udapha anthu pafupifupi 60,000, udayambira pakati pa osaka zikopa zake.

Kwa lichen mafunso omwewo amasanduka mutu waukulu. Wamkulu mmodzi wotha kubereka ndi uti? Chigamba chimodzi chitha kukhala ziwiri zolumikizana, ndipo kachidutswa kothothoka n'kuuluka ndi mphepo kamakayambitsa china. M'badwo umodzi ndi zaka zingati, kwa chinthu chokula milimita pa chaka? Akatswiri adachita kugwirizana njira zongothandizira, mwachitsanzo kuwerenga mtengo uliwonse wokhala ndi lichen ya mtunduwo ngati chamoyo chimodzi. Ndiponso mitundu yambiri siidziwika ndi maso okha, imafuna maikulosikopu ndi mankhwala odonthezera, pamene anthu odziwa ntchitoyi ndi ochepa. Mu 2003 mitundu iwiri ya lichen idalowa m'kaundula, Erioderma pedicellatum ndi Cladonia perforata ya ku Florida, ndipo kwa zaka pafupifupi khumi idali yokhayokha. Lero yawonjezeka, koma unyinji wa 20,000 ija ukadali pa Not Evaluated. Ndiye mukaona tebulo loonetsa amarmot angapo pangozi ndi bokosi lopanda kanthu pa lichen inayake, bokosilo silikunena kuti lichenyo ili bwino. Likunena kuti palibe adapitako ndi kope.

Chimene chimapha lichen n'chomwecho chimene chimaipatsa moyo: imamwa chilichonse chili mumpweya, ndipo ilibe njira yosefera. Nylander yemwe uja, wokana Schwendener, adaona bwino pa ichi. Mu 1866 adalemba kuti lichen za m'munda wa Luxembourg ku Paris zingasonyeze ubwino wa mpweya, ndipo utsi wa malasha utachuluka zidazimiririka m'mizinda yambiri ya ku Europe. Mpweya wa sulufa utachepa kumapeto kwa zaka za m'ma 1900, zina zidabwerera. Ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl ya 1986 idaonetsa mbali ina: lichen za ku Norway ndi Sweden zidamwa cesium, poizoni wochokera ku ngoziyo, nyama zonga agwape za reindeer zomwe zimadalira lichen m'chisanu zidadya, ndipo abusa a mtundu wa Sami adaona nyama ya ziweto zawo zikwizikwi ikuletsedwa kudyedwa.

Zilumba ziwiri za ku Canada

Kumadzulo kwa Canada kuli chilumba cha Vancouver, kwawo kwa Marmota vancouverensis, marmot woderako wa mphuno yoyera amene sapezeka kwina kulikonse. Kum'mawa kuli Newfoundland, komwe kwatsala gawo lalikulu la Erioderma pedicellatum ya m'mbali mwa nyanja ya Atlantic. Onse awiri ali pa Critically Endangered.

Marmot wa ku Vancouver adavutika nkhalango za m'munsi mwa mapiri zitadulidwa. Malo odulidwawo ankaoneka ngati madambo a kumapiri, amarmot n'kusamukirako, koma mitengo itaphukanso idabisa mimbulu ndi amphaka aakulu otchedwa cougar, pamene ziombankhanga zinkawagwira kuchokera kumwamba. Mu 2003 otsala kutchire sadafike 30. Mwamwayi anthu adali atayamba kugwira ena mu 1997 n'kumawaweta, kuphatikizapo kumalo osungira nyama a Toronto ndi Calgary. Ana obadwa kumeneko amakawasiya kumapiri, ena pa helikopita, ambiri ataikidwa kachipangizo ka wailesi m'mimba kuti azidziwika komwe ali ngakhale ali mtulo pansi pa chipale. Ogwira ntchitoyi amawapatsa maina. M'zaka zaposachedwapa akutchire adapitirira 200.

Erioderma pedicellatum ndi kachikopa kotuwa, kaubweya pamwamba, kopindika m'mphepete n'kuonetsa kunsi koyera. Kamamera makamaka pa thunthu la mtengo wa balsam fir m'nkhalango zachinyezi, ndipo mnzake wopanga chakudya ndi cyanobacteria, amene salimba ku mvula ya asidi. Ku Sweden kadatha, ku Norway kadatsala pang'onong'ono, ku Nova Scotia kadachepa kwambiri. Kapezekanso ku Alaska ndi ku Kamchatka ku Russia, zomwe zikusonyezanso kuti chiwerengero cha lichen chimadalira kuti wafufuza ndani, ndipo kuti.

Kameneka simungakawete m'khola. Mbewu ya fangasi ikauluka imapita yokha, ndipo iyenera kugwera pa khungwa loyenera, pomwe pali kale cyanobacteria woyenera, pa chinyezi choyenera, kuti lichen yatsopano iyambike. Kulumikiza awiriwa m'labotale mpaka kukhala lichen yokhwima n'kovuta kwambiri pa mitundu yambiri. Choncho ogwira ntchito kumeneko amayenda mtengo ndi mtengo, kuyang'ana thunthu ndi galasi lokuzira zinthu, kuika chizindikiro pa mtengo womwe apezapo kachigamba, ndi kupempha odula mitengo kuti asiye nkhalango yozungulira pamenepo, popeza mphepo ndi dzuwa zikangolowa khungwa limauma. Chaka chotsatira amabwereranso ku mtengo womwewo kukaona ngati kachigamba kaja kakadalipo.